NYENYEZI IMENE INAZIRALA

Ife timaphunzitsa sukulu ya akuluakulu kuno ku Cassacatiza, m'boma la Chifunde. Kalasi lathu limakumana pansi pa mtengo wa mango, masana anthu akaweruka kumunda. Mseu waukulu wocokera ku Tete umadutsa pafupi. Malole amaima pamzere kudikira kuoloka malire, kupita ku Chanida ndi ku Katete m'dziko la Zambia. Ife aphunzitsi sitinapite patali ndi sukulu. Tinamaliza pulaimale, kenaka tinaphunzira masabata owerengeka za kaphunzitsidwe ka akulu. Ophunzira athu ambiri ndi a msinkhu wa makolo athu. Lero tifuna kukuuzani za tsiku limene tinalakwira mmodzi wa iwo, ndi nchito imene inabadwa pa kulakwa kumeneko.

Funso la agogo

Munali mu Januwale, caka ca 2020. M'kalasi mwathu munali agogo ena aamuna, a imvi mutu wonse. Iwo anali ndi ng'ombe 6. Poopa akuba, anali kudzuka kawiri kapena katatu usiku uliwonse kukazonda khola. Anacita zimenezi zaka zambiri. Munthu wodzuka usiku amalidziwa thambo monga mlimi adziwa munda wake.

Tsiku lina, tiri pakati pa phunziro la manambala, agogo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndifunseko. Kodi nyenyezi imadwala?"

"Bwanji kodi, agogo?"

"Pali nyenyezi yofiira cakumpoto kwa Akamwiniatsatana. Kuyambira ndiri mnyamata imawala kuposa inzake ya pambali pake. Koma masiku ano yafooka. Dzulo mitambo itang'ambika ndinaiona bwinobwino. Yatsala pang'ono kulingana ndi inzakeyo."

Ife tinayankha msanga, osaganiza. Tinati, "Agogo, nyenyezi sizisintha. Mwezi ndiwo umakula ndi kucepa. Kapena maso anu ndiwo ayamba kutopa."

Anyamata a kumbuyo anaseka. Wina anati agogo anadzera ku mowa. Ife sitinawaletse. Tinamwetulira nao limodzi. Agogo anatseka kope lao, naika pensulo m'thumba. Anakhala cete mpaka kuweruka. M'mawa mwake sanabwere. Sabata inatha, yaciwiri inathanso, malo ao pa benci ali opanda munthu.

Zimene tinapeza pa malire

Mu Febuluwale tinapita ku msika wa pa malire kukachajitsa foni. Pamenepo intaneti imagwira bwino. Tikuwerenga nkhani za m'Cipwitikizi, tinaona cithunzi ca nyenyezi zitatu zondondozana, ndi ina yofiira pambali. Nkhaniyo inati nyenyezi ina, dzina lake Betelgeuse, yazirala kwambiri, ndipo akatswiri m'maiko ambiri akudabwa. Tinawerenga kawiri. Thukuta linatuluka ngakhale kunali mitambo. Inali nyenyezi ya agogo.

Betelgeuse ndi dzuwa lina, lalikulu kuposa dzuwa lathu kambirimbiri. Iri kutali kwambiri, kotero kuti kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 500 kuti kufike m'maso mwathu. Inayamba kuzirala mu Okutobala 2019. Pofika pakati pa Febuluwale 2020, inatsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a kuwala kwake. Inalingana ndi inzake ya pambali, imene dzina lake ndi Bellatrix, monga momwe agogo ananenera. Mu Epulo inabwerera mwakale.

Cifukwa cake cinadziwika bwino mu 2021. Nyenyeziyo inalavula mpweya wotentha wambiri. Mpweyawo utazizira unasanduka fumbi. Fumbilo linaphimba mbali ina ya nyenyezi, monga utsi wa lupsa umaphimbira dzuwa mu Seputembala.

Tinawerenganso kuti nkhani ya kusintha kwa nyenyeziyi ndi yakale. Mngelezi wina, John Herschel, anaona kale mu 1836, ali ku Cape Town, kuti Betelgeuse imawala mosiyanasiyana. Ndiye kuti ife tinaima pamaso pa kalasi ndi kuphunzitsa bodza, ndiponso tinasekesa munthu wonena zoona.

Kupepesa

Loweruka tinapempha nkhuku kwa amai athu, ndipo tinapita nayo kwa agogo. Tinawapeza akusema mpini wa khasu. Tinakhala pansi, ndipo atatilonjera tinati:

"Agogo, tabwera kudzapepesa. Munanena zoona. Nyenyezi ija yaziraladi. Anthu a ku maiko akutali aionanso."

Agogo anapitiriza kusema kanthawi. Kenaka anaika sompho pansi.

"Mwana wanga, ine ndinakuuzani maso ndi maso, muli pafupi ngati pano. Simunandikhulupirire. Anthu enao simunawaonepo, koma mwawakhulupirira. Asiyana nane pati? Kodi ali ndi maso anai?"

"Iai, agogo. Ambiri a iwo amaona ndi maso ngati anuwa. Koma iwo amalemba. Amalemba tsiku, nthawi, ndi muyeso wa kuwala. Alemba motero zaka zoposa 100. Ndiye lero akanena kuti yazirala, amatsegula mabuku ndi kuonetsa mmene inaliri kale."

"Ndiye kuti zaka zanga zonse za ku khola zapita pacabe?"

Tinasowa coyankha. Tinangoyang'ana pansi.

"Nkhukuyo bwererani nayo kwa amai anu," anatero agogo. "M'malo mwake mundiphunzitse kulemba muyeso umenewo."

Anthu olonda nyenyezi

Kuti tiwaphunzitse agogo, tinayenera kuyamba taphunzira ife. Tinabwerera ku msika wa pa malire kambiri. Izi ndizo tinapeza.

Nyenyezi zambiri zimawala cimodzimodzi caka ndi caka. Koma ziripo zikwi zambiri zimene zimasintha. Zina zimafufuma ndi kuphwa ngati cifuwa ca munthu wopuma. Zina ziri ziwiriziwiri, ndipo zimachingana pozungulirana. Zina zimaphulika. Akatswiri olembedwa nchito ndi ocepa, ndipo makina ao akuluakulu ali ndi zocita zambiri. Ncifukwa cake anthu wamba amathandiza. Masana ali ku nchito zao. Usiku amatuluka panja, kuyang'ana nyenyezi zao, ndi kulemba. Salandira malipiro.

Mu 1911, ku America, loya wina wokonda nyenyezi, William Tyler Olcott, anayambitsa bungwe losonkhanitsa zolemba za anthu otere. Dzina lake mwacidule ndi AAVSO, ndipo likulu lake liri ku Cambridge, m'cigawo ca Massachusetts. Bungweli lasunga miyeso yoposa 50 miliyoni yocokera ku maiko ambiri. Kuno kum'mwera kwa Africa kuli bungwe la ASSA, limene linayamba mu 1922 ku South Africa. Nalonso liri ndi anthu olonda nyenyezi zosintha.

Mmodzi wa oyamba kuno ku Africa anali mphunzitsi. Alexander William Roberts anacoka ku Scotland nafika pa sukulu ya Lovedale, ku South Africa, mu 1883. Masana anali kuphunzitsa anyamata a ciAfrica ofuna uphunzitsi. Usiku anali kuyeza nyenyezi za kum'mwera ndi zida zazing'ono zoonera kutali. Analemba miyeso pafupifupi 250,000. Anamwalira mu 1938, koma mapepala ake anasungidwa. Patapita zaka zoposa 60, anthu ena odzipereka anawafukula ndi kuwakopera, kuti akatswiri a lero awagwiritse nchito. Mwini wake anagona kale, koma maso ake akali kugwira nchito.

Wina anali Danie Overbeek wa ku Edenvale, pafupi ndi Johannesburg. Iyeyu anayeza nyenyezi ali pakhomo pake, ndipo pomwalira mu 2001 anasiya miyeso yoposa 250,000.

Winanso anali Albert Jones wa ku New Zealand. Iye anagwirapo nchito m'cigayo, m'sitolo ndi m'fakitale ya magalimoto. Pa moyo wake analemba miyeso yoposa 500,000. Nkhani yake imatikhudza ife a kuno. Mukayang'ana kum'mwera usiku wopanda mwezi, mumaona timitambo tiwiri toyera, tokhala ngati tazomoka ku Mlalang'amba. Usiku wa pa 24 Febuluwale 1987, Jones anaona nyenyezi m'kamtambo kokulirapo, pamalo pamene panalibe nyenyezi yotero. Anazindikira cifukwa malowo anali kuwadziwa. Anthu awiri a ku malo oyezera nyenyezi ku Chile, Ian Shelton ndi Oscar Duhalde, anaionanso tsiku lomwelo. Inali nyenyezi yaikulu imene inaphulika ndi kufa. Kuyambira mu 1604 anthu anali asanaonenso kuphulika kotere ndi maso okha. Inaoneka miyezi ingapo, kenaka inazimirira.

Titasimba nkhaniyi m'kalasi, amai ena acikulire anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, caka cimeneco ife tinali kugona panja, kuthawa nkhondo. Ena tinakafika mpaka ku Ukwimi, ku Petauke. Thambo lonse linali denga lathu. Kapena tinaiona nyenyeziyo. Koma ndani analemba?"

Palibe anayankha. Tonse tinadziwa kuti si nyenyezi yokha imene inapita osalembedwa m'zaka zimenezo.

Kayezedwe kake

Mu Malichi 2020 masukulu anatsekedwa cifukwa ca mliri wa korona. Kalasi la masana linaima. Koma madzulo ena tinali kukumana anthu owerengeka pabwalo la agogo, titakhala motalikirana, nkhope ziri kumwamba. Ndi pamene tinaphunzira kayezedwe. Si kovuta. Nanu mungathe.

Muyeso wa nyenyezi uli ngati malo a ana pa mayeso. Nambala 1 aposa nambala 2. Nambala 2 aposa nambala 3. Nambala ikacepa, ndiye kuti nyenyezi ndi yowala kwambiri. Nyenyezi zowala kwambiri ziri pa 0 kapena 1. Zimene maso amaziona movutikira ziri pa 6. Pakati pa nambala ndi inzake pali timagawo 10. Timalemba motere: 1.1, 1.2, 1.3, mpaka kufika pa 2.

Poyeza timatsata njira izi:

1. Cokani pamoto, zimitsani nyale ndi foni. Khalani mumdima mphindi 15 kuti maso azolowere.

2. Pezani nyenyezi imene mufuna kuyeza.

3. Pezani nyenyezi zina ziwiri zosasintha, zimene muyeso wake udziwika. Ina ikhale yowala kuposa yanuyo, ina yocepera.

4. Yang'anani iyi, yang'anani iyo, mobwerezabwereza. Nyenyezi yofiira musaiyang'anitse nthawi yaitali, cifukwa imanyenga maso ndi kuoneka yowala kuposa mmene iriri.

5. Dzifunseni: kodi yanga iri pakati penipeni, kapena yayandikira iti?

6. Lembani pomwepo dzina la nyenyezi, tsiku, nthawi, muyeso, ndi mmene thambo liriri. Ngati kuli mwezi, utsi kapena mitambo, lembani.

7. Musafunse mnzanu nambala yake musanalembe yanu.

Poyeza Betelgeuse timagwiritsa nchito nyenyezi zitatu. Rigel ndi yoyera ija ya kum'mwera kwa Akamwiniatsatana, ndipo iri pa 0.1. Aldebaran ndi yofiira ya pakati pa Akamwiniatsatana ndi Nsangwe, ndipo iri pa 0.9. Bellatrix iri pa 1.6. Betelgeuse ikakhala pakati penipeni pa Rigel ndi Aldebaran, timalemba 0.5.

Usiku woyamba, agogo anayang'ana nthawi yaitali. Anati yofiira ija yayamba kucira. Yaposa Bellatrix, koma sinafike pa Aldebaran. Tinayatsa koloboyi kuseri kwa nkhokwe. Agogo anagwira pensulo ndi zala zonse. Kulemba 2 kunawavuta, pakuti anali kumutembenuza. Anafufuta katatu. Pomaliza panaoneka 1.2, ndi tsiku pambali pake. Anayang'ana tsambalo, natifunsa:

"Ndiye munthu wa ku Tete atawerenga apa angadziwe zimene ndaona?"

"Angadziwe, agogo. Ngakhale wa ku Maputo. Ngakhale mdzukulu wanu amene sanabadwe."

Kadontho ka pakati pa manambala kanatithandizanso pena. Bambo wina wa m'kalasi anatiuza kuti kale akapita kukagulitsa fodya, manambala a pa sikelo anali kungomuzunguza. Tsopano amadziwa kuti 41.5 ndi makilo 41 ndi theka, osati 415. Amaima pafupi ndi sikelo, nalemba m'kope lake.

Nyenyezi yotsinzina

Sukulu itatsegulidwa, kalasi linagwirizana kukhala ndi kope limodzi lalikulu. Timalisunga m'bokosi la coko. Pacikuto tinalemba kuti BUKU LA NYENYEZI LA KU CASSACATIZA. Aliyense amayamba walemba m'kope lake, kenaka masana timakopera m'bukulo.

Nyenyezi yaciwiri imene tinaphunzira ndi Algol. Imaoneka madzulo kuyambira Novembala mpaka Januwale, kumunsi kwa Nsangwe, cakumpoto. Masiku ambiri iri pa 2.1. Koma pakapita masiku 2, maola 20 ndi mphindi 49, imatsika kufika pa 3.4. Kutsika ndi kukweranso kumatenga maola pafupifupi 10. Cifukwa cake ndi ici: pamenepo pali nyenyezi ziwiri zozungulirana, ina yowala, ina yofooka. Yofookayo ikadutsa kutsogolo, imachinga inzake.

Amene anawerenga masiku amenewa ndi kufotokoza za kuchinganako anali mnyamata wa ku York, ku England, dzina lake John Goodricke. Anali wosamva kuyambira ali mwana. Analengeza zimene anapeza mu 1783, ali ndi zaka 18. Anamwalira mu 1786, ali ndi zaka 21. Cida cake cacikulu cinali maso, woci ndi colembera.

M'kalasi mwathu muli mai wina wa ana anai. Iyeyu masamu ophatikiza anali kumuvuta, ndipo anali kunena kuti mutu wake ndi wouma. Usiku wina wa Lolemba, mu Disembala, mwana wake anadwala malungo, ndipo maiyo sanagone. Atatuluka panja anaona kuti Algol yafooka. Anatuluka kangapo usiku umenewo. Anaona kuti inafookeratu ca m'ma 11 koloko, kenaka inayamba kukwera. Analemba.

Laciwiri anabwera nalo kope m'kalasi. Tinamuitana ku bolodi.

"Mai, phatikizani masiku 2, maola 20 ndi mphindi 49. Mutiuze tsiku limene idzatsinzinenso."

Anawerenga ndi zala, ndi timizere pa bolodi. Lolemba 11 koloko usiku, kuonjeza masiku 2, ndi Lacitatu 11 koloko usiku. Kuonjeza maola 20, ndi Lacinai 7 koloko madzulo. Kuonjeza mphindi 49, ndiye kuti 8 koloko isanakwane. Analemba yankho, dzanja likunjenjemera.

"Aphunzitsi, nanga ikapanda kutero? Andiseka."

Tinakumbukira tsiku la agogo lija. Tinauza kalasi kuti pano palibenso wosekedwa. Ikapanda kutero, tidzafuna pamene talakwa, tonse pamodzi.

Lacinai kunagwa mvula masana onse. Madzulo anthu anasonkhana pabwalo, ena atafunda zitenje. Kumpoto kunali mtambo wakuda. Inakwana 7 koloko, osaoneka kanthu. Ena anayamba kutsazika. Maiyo anangokhala cete, mwana ali kumsana. Ca m'ma hafu pasiti 7 mphepo inakankha mtambo. Nsangwe zinaoneka. Tinatsitsa maso kumunsi. Algol inalipo, koma yofooka, ngati khala lophimbidwa ndi phulusa.

Amai anayamba nthungululu. Maiyo sanaseke, sanalankhule. Anapempha nyale, nalemba 3.3 m'kope lake. Kuyambira tsiku limenelo sitinamumvenso akunena kuti mutu wake ndi wouma.

Kulemba "sinaoneke"

Si masiku onse amene kumakhala nthungululu. Mu 2024 tinamva kuti olonda nyenyezi m'maiko onse akudikira nyenyezi ina, dzina lake T Coronae Borealis. Iri pambali pa tinyenyezi tokhala ngati theka la nkhata, timene timaoneka kumpoto madzulo m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Masiku onse iri pa 10, ndipo maso okha sangaione. Koma inawala mwadzidzidzi mu 1866, ndi kaciwiri mu 1946, kufika pa 2 kapena 3. Patapita masiku owerengeka inabisalanso. Pakati pa zaka ziwirizi pali zaka 80. Akatswiri ena, poona mmene inali kusinthira, anaganiza kuti ingawalenso mu 2024.

Tinagawana masiku. Aliyense anali ndi usiku wake. Juni inatha, Julayi inatha, Ogasiti inatha. M'buku lathu, tsamba ndi tsamba, munali mau amodzimodzi: sinaoneke, sinaoneke, sinaoneke. Caka ca 2024 cinatha nyenyeziyo osawala.

Mnyamata wina anatopa. Anati, "Aphunzitsi, tikutha pensulo polemba zinthu zimene kulibe."

Agogo ndiwo anamuyankha. "Iwe, ine ndapita ku khola zaka zambiri. Masiku oculuka ndinapeza ng'ombe zonse ziripo, wakuba kulibe. Kodi ndinapita pacabe? Tsiku limene imodzi idzasowe, ndidzadziwa kuti dzulo inalipo."

Zimenezi ndi zoona. Olonda nyenyezi a m'mabungwe aja amalembanso nyenyezi ikapanda kuoneka. Tsiku likadzafika, zolembazo ndizo zimasonyeza nthawi imene kuwala kunayamba. Ndiponso tinaphunzira kuti akatswiri nao amaphonya. Akaphonya sabisa. Amabwerera ku mabuku ndi kuwerenganso.

Pamene tafika

Sitifuna kudzitama. Buku lathu liri ndi zofufuta zambiri. Usiku umodzi womwewo, wina amalemba 0.4, wina 0.8. M'dzinja mitambo imatibisira thambo masabata athunthu. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa lupsa umafooketsa nyenyezi zonse. Nyale za malole a pa malire zimavutitsa amene akhala pafupi ndi mseu. Telesikopu tiribe. Bungwe la AAVSO limalandira miyeso kwa munthu aliyense popanda kulipiritsa, koma ife sitinatumizebe yathu. Tifuna kuti manambala athu ayambe agwirizana. Tikadzatumiza, tidzatumiza zimene tingaziimire.

Koma tiri ndi cuma cimene anthu a m'mizinda ikuluikulu anataya. Iwo magetsi anawaphimbira thambo, ndipo ambiri sanauonepo Mlalang'amba. Ife tikacoka pang'ono pa mseu, tiri ndi mdima weniweni. Tiri ndi anthu odzuka usiku: olonda makola, ogona ku cirindo, osonkhezera moto wa fodya, amai oyamwitsa. Maso alipo kale. Cimene cinali kusowa ndi pensulo.

Agogo tsopano maso ao agwidwa ng'ala. Akamwiniatsatana sawaonanso. Ku khola kumapita mdzukulu wao wamkazi, amene ali m'kalasi mwathu. M'miyezi ya dzinja, thambo likayera, agogo amakhala pakhonde ndi kufunsa, "Yofiira ija iri bwanji lero?" Mtsikanayo amayang'ana, nawauza nambala. Agogo amamufunsa kuti wayerekeza ndi iti. Akakhutira amati, "Lemba."

Kope lao loyamba liri m'bokosi la coko. Wophunzira watsopano akabwera, timamuonetsa tsamba loyamba, pamene pali 1.2 wolembedwa pamwamba pa zofufuta zitatu. Timamuuzanso zimene ife aphunzitsi tinacita mu Januwale 2020, osabisa. Agogo anali ndi nzeru asanadziwe kulemba. Kulemba sikunawapatse maso. Kunangocititsa kuti mau ao afike patali, ndi kuti akhale nthawi yaitali.

Anzathu a m'makalasi ena, ku Chifunde, ku Macanga, ku Angónia ndi kwina konse, usiku wina thambo likayera tulukani panja. Pezani Akamwiniatsatana. Pezani nyenyezi yofiira cakumpoto kwake. Yerekezani ndi zinzake. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala. Ndipo munthu wacikulire akakuuzani kuti waona cacilendo kumwamba, musaseke. Mupatseni pensulo.

Tiyeni tikambirane

1. Kodi agogo anasiya sukulu cifukwa ciani?

2. Nyenyezi ina iri pa 0.9, ina pa 1.6. Yowala kwambiri ndi iti?

3. Algol yafooka Lacisanu, 10 koloko usiku. Idzafookanso tsiku liti, nthawi yanji?

4. Kodi kulemba kuti "sinaoneke" kuli ndi phindu lanji?

5. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu maina a nyenyezi zimene adziwa. Lembani mainawo m'kope lanu, ndipo mubwere nao m'kalasi.